Mutu 11: Kukhoma Kaboti ka Plywood Pakhomo

Shiti ya plywood ya mamilimita 6 siioneka yodalirika. Anthu awiri akainyamula imapindika pakati, kukawomba mphepo imawakoka, ndipo mwana akaidumphira itatsamira khoma imathyoka. Koma mashiti atatu kapena anayi otere, akadulidwa bwino n'kulumikizidwa m'mphepete, amasanduka kaboti konyamula akuluakulu awiri ndi katundu wawo, kopepuka moti anthu awiri omwewo angathe kukanyamula kuchoka pakhomo mpaka kudooko. Mphamvu ya kaboti kotere imachokera ku kupindika kwa mashitiwo. Shiti ikapindidwa n'kugwirana ndi inzake m'mbali, iliyonse imaletsa inzake kugwedera, ndipo chinthu chomwe chinali lendelende chimauma gwa.

Kunyanja kwathu tinazolowera njira ziwiri. Wosema bwato amagwetsa mtengo wathunthu, n'kuusema ndi nkhwangwa ndi kasemasema mpaka gawo lalikulu la mtengowo litatsala pansi ngati zipalapala. Wokhoma boti la matabwa amayamba waimika msana ndi nthiti, kenaka n'kumakhomerapo thabwa limodzilimodzi, mipata n'kumata ndi thonje ndi phula. Onse awiri luso lawo lili m'maso ndi m'manja, ndipo amaliphunzira zaka zambiri ali pambali pa mmisiri wamkulu. Chomwe plywood anasintha n'chakuti gawo lalikulu la luso limenelo linasamukira papepala. Wojambula mapulani amawerengeratu maonekedwe a chidutswa chilichonse chili chogona pansi. Wokhomayo ntchito yake n'kuyeza mosanama, kudula motsata mzere, ndi kutseka njira zonse zomwe madzi angalowere m'thabwa. Ziwiri zoyambazo kalipentala aliyense amazitha. Chachitatucho n'chimene chimagwetsa ambiri.

Nkhani yagona pa guluu

Plywood ndi timatabwa topyapyala tosendedwa ku chipika, tomatidwa kena pamwamba pa kanzake, mitsempha ya kamodzi itapingasana ndi ya kotsatira. Timakhala titatu, tisanu kapena tisanu ndi tiwiri, n'cholinga choti mbali ziwiri zakunja ziyang'ane kumodzi ndipo shitiyo isapotoke. Kupingasanako n'kumene kumachititsa kuti asang'aluke ngati thabwa wamba. Koma mphamvu yonseyi ili m'manja mwa guluu amene wagwira timatabwato. Plywood wakale ankamatuka akanyowa, ndipo ambiri sankamudalira pokhoma boti. Zinthu zinasintha mu 1934 pamene katswiri wina wa mankhwala, James Nevin, wa kampani ya Harbor Plywood ku Aberdeen m'chigawo cha Washington ku America, anapanga guluu wosasungunuka m'madzi. Patangopita zaka khumi, pa 6 June 1944, asilikali ankatsikira pagombe la Normandy kuchokera m'maboti a Andrew Higgins wa ku New Orleans, omwe mbali zake zinali za plywood. Lililonse linkanyamula asilikali 36, ndipo anapangidwa oposa 23,000.

Lero plywood wa maboti amagulitsidwa ndi dzina loti marine. Muyezo wake wodziwika kwambiri ndi wa ku Britain, BS 1088, umene umafuna guluu wopirira madzi owira, timatabwa topanda mabowo m'kati, ndi mtengo wabwino kuyambira kunja mpaka pakati. Wopepuka amene okhoma timaboti amamukonda amachokera ku mtengo wa okoume wa m'nkhalango za Gabon ndi maiko oyandikana nawo. Kuno kwathu plywood amapangidwa, monga ku Chikangawa komwe kuli fakitale ya Raiply, koma wogula m'sitolo ya zomangira adziwe kuti mashiti amapangidwira ntchito zosiyanasiyana. Wa siling'i ndi wa kumbuyo kwa kabati sanapangidwe kuti aone madzi. Mawu a wogulitsa asakukwanireni. Dulani kachidutswa, kawiritseni mumphika ola limodzi kapena awiri, kaumitseni padzuwa, kawiritseninso. Timatabwa tikayamba kutukumuka n'kusiyana, shitiyo ikhale ya mashelefu. Yang'ananinso m'mphepete mwa shiti: mukaona timapanga pakati pa timatabwa, dziwani kuti m'katimo mulinso tina tosaoneka, momwe madzi adzakhalemo n'kuyamba kuoletsa.

Maboti omwe anatsegula njira

Mu 1947 ku Clearwater, ku Florida, bungwe la Optimist Club linkafuna chosangalatsa ana. M'matauni ena anyamata ankapikisana pa timagalimoto ta matabwa totsetsereka pamtunda, koma Clearwater ndi malo a chidikha ozunguliridwa ndi madzi. Clifford McKay anapempha mmisiri wa maboti Clark Mills kuti ajambule kaboti ka thanga koti bambo ndi mwana wake angakhome okha ndi ndalama zosaposa madola 50. Shiti ya plywood ndi mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi, ndiye Mills anangodula mphuno ya kabotiko kuti utali wake ukwane m'shiti imodzi popanda kulumikiza. N'chifukwa chake Optimist ndi wa mamita osakwana 2.4 ndipo kutsogolo kwake n'kwafulati ngati kumbuyo. Sikokongola, kunena zoona. Koma mpaka lero ndi kamene ana ambiri padziko lapansi amaphunzirirapo kuyendetsa boti la thanga.

Ku Britain nkhani inabwera kudzera m'nyuzipepala. Barry Bucknell, yemwe ankaphunzitsa anthu pa wailesi yakanema ya BBC kukonza zinthu za m'nyumba, ndi wojambula maboti Jack Holt anatulutsa kaboti ka mamita 3.3, ndipo nyuzipepala ya Daily Mirror inakathandiza n'kukapatsa dzina lake, Mirror. Kanaonetsedwa ku chionetsero cha maboti ku London mu 1963, kali ndi mathanga ofiira. Wogula ankalandira zidutswa zodulidwa kale pa mtengo wa mapaundi 63 ndi mashiling'i 11, n'kukalumikiza yekha kunyumba. Tapangidwa toposa 70,000. Njira yolumikizira inali ya mphunzitsi wina wa ukalipentala, Ken Littledyke, amene anayamba kuigwiritsa ntchito pa timabwato tamasewera: kusoka zidutswa ndi waya wa kopa, kenaka kumata misoko ndi tepi ya fiberglass. Imadziwika kuti stitch and glue.

Ku America, Phil Bolger wa ku Gloucester ndi Harold Payson wa ku Maine anapeputsanso zinthu. Buku la Payson la 1979, Instant Boats, linaonetsa maboti okhomedwa ndi misomali, guluu ndi timitengo tamakona, popanda kujambula boti lonse pansi monga amachitira amisiri akuluakulu.

Maonekedwe ndi masamu ake

Plywood amalola kupindikira mbali imodzi yokha pa nthawi imodzi. Simungamuumbe kuti akhale wobulungira ngati mimba ya bwato. Ichi n'chifukwa chake timaboti ta plywood timakhala ndi makona, ndipo kosavuta kuposa tonse ndi kotchedwa skiff: mbali ziwiri zokumana kumphuno, thabwa lakumbuyo, ndi pansi pafulati pokwera pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Ka mamita 3.5 kapena 4 kamafuna plywood wa mamilimita 6 m'mbali ndi 9 pansi.

Kodi kanganyamule zingati? Lamulo lake ndi lakale, la Archimedes: boti limamira mpaka madzi omwe lakankha alemere mofanana nalo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yathu imalemera kilogalamu imodzi. Tiyerekeze kuti pansi pa kabotiko ndi masikweya mita 2.5. Ndiye kuti kakamira sentimita imodzi kakankha malita 25, kutanthauza makilogalamu 25. Kaboti ka makilogalamu 45, akuluakulu awiri a makilogalamu 140 pamodzi, ndi katundu wa makilogalamu 40, zonse ndi 225, ndipo kamira masentimita 9 okha. Mbali zake zikakhala za masentimita 40, munthu amayamba kuganiza kuti malo alipo a anthu ena anayi ndi thumba la chimanga. Pamadzi abata masamuwo amavomera. Funde likabwera, masentimita otsala pamwamba pa madziwo ndi amene amasunga moyo, ndiye si malo opakirapo katundu.

Kuyeza ndi kudula

Mapulani amapereka manambala: pa masentimita 30 aliwonse motsata m'mphepete mwa shiti, yezani mtunda wakutiwakuti, ikani kadontho. Pa kadontho kalikonse khomani kamsomali pang'ono, kenaka tengani kamtengo kakatali kopyapyala kopanda mfundo, kakhotetseni motsamira misomaliyo, mujambule mzere. Musanajambule, gwadani kumapeto n'kuyang'ana motsata kamtengoko. Mzere wabwino umayenda mosalala. Mukaona pena patatukumuka, nambala ina mwaiphonya, ndipo khulupirirani kamtengoko kuposa kadontho. Mbali ziwiri za boti ziduleni pamodzi, ina pamwamba pa inzake, ndipo muzipale ndi puleni zikadali zogwirana kuti zifanane ndendende. Kusiyana kwa mamilimita ochepa pano kudzakhala boti lokhotera kumodzi moyo wake wonse.

Popeza shiti imathera pa mamita 2.44, kaboti kotalika kuposa apo kamafuna kulumikiza. Njira yachidule n'kugunditsa mashiti awiri n'kumata chigamba cha plywood pamwamba pa mpatawo, mbali yam'kati. Njira yaukhondo n'kusongola mapeto onse awiri mopendekera, kutalika kwa kupendekerako kukhale kasanu ndi katatu kukhuthala kwa shiti: mamilimita 48 pa shiti ya 6, mamilimita 72 pa ya 9. Pano plywood amakuthandizani yekha. Pamene puleni ikudya, mizere yakuda ya guluu imaonekera. Ikakhala yowongoka ndi yotalikirana mofanana, mwapala bwino. Ikakhota, pokhotapo pali chitunda kapena dzenje.

Kusoka ndi kumata

Boolani timabowo m'mphepete mwa zidutswa, pafupifupi sentimita imodzi kuchokera kumapeto, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Pisani tizidutswa ta waya wa kopa, kapena timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya a magetsi, n'kupota kunja. Musamange kwambiri poyamba. Yambirani kumphuno, musinthanesinthane mbali, uku kawiri uko kawiri. Mukaika chopingasa pakati n'kukankha mbalizo kuti zitanuke, mashiti omwe m'mawa anali gone pansi amadzuka n'kukhala boti. Anthu odutsa pamsewu amaima nthawi imeneyi, ndipo wokhomayo amayamba kuona ngati watsala pang'ono kumaliza. Ntchito yeniyeni imakhala isanayambe.

Musanakhudze guluu, onetsetsani kuti boti silinapotoke. Yezani kuchokera kumphuno kufika ku kona iliyonse yakumbuyo. Miyezo iwiriyo ifanane. Gonekani timitengo tiwiri towongoka mopingasa, kena kutsogolo kena kumbuyo, n'kutiyang'ana muli chapatali. Tikapanda kugona mofanana, masulani mawaya, potolozani, yezaninso. Guluu akauma palibenso kubweza.

Guluu wake ndi epoxy, amene anatchuka pakati pa okhoma maboti kudzera mwa abale a banja la Gougeon a ku Bay City, ku Michigan, omwe anayamba bizinesi yawo mu 1969. Amabwera m'zitini ziwiri, ndipo muyezo wosakanizira umalembedwa pachitini, wina magawo 5 kwa 1, wina 2 kwa 1. Muyezowo si woti munthu aziusintha. Amene anazolowera resin wa polyester, wokonzera mabampa a galimoto, amadziwa kuti ukaonjeza mankhwala oumitsa amauma msanga. Epoxy satero. Mukaonjeza kapena kuchepetsa amatsala wofewa, ndipo muyenera kumupala yense n'kuyambiranso. Chinanso, akamauma amatulutsa kutentha. Wambiri akakhala m'kapu yakuya amatentha mpaka kufuka utsi ndi kusungunula kapuyo, makamaka m'chilimwe cha October. Sakanizani pang'onopang'ono, thirani m'mbale yotambalala, gwirani ntchito pamthunzi.

Pomata misoko, epoxy amasakanizidwa ndi fumbi losalala la matabwa, losefa bwino, osati utuchi wa sowo, mpaka alimbe ngati chiponde, woti mukatukula kamtengo sagwa. Ikani pang'ono pakati pa waya ndi waya, musiye usiku wonse. M'mawa dulani mawaya n'kuwazula ndi pulayala. Amene wakanirira mutenthetseni kumapeto, kutenthako kumafewetsa guluu ndipo amasololoka. Kenaka dzazani msoko wonse, n'kukokapo kumbuyo kwa supuni kuti pakhale kakhwawa kosalala kopanda kona. Pamwamba pake gonekani tepi ya fiberglass ya masentimita 10 m'lifupi, n'kuinyowetsa ndi epoxy wosasakaniza ndi fumbi. Tepi youma imakhala yoyera. Ikamwa bwino imasowa, mumangoona thabwa kupyola m'kati mwake. Kadontho koyera kalikonse kotsala ndi malo omwe sanagwire. Mukatembenuza boti, yambani mwabulungiza makona akunja ndi puleni ndi sandipepa, chifukwa fiberglass sakhota pakona yakuthwa. Amadzuka n'kusiya mphako.

Epoxy asakhudze khungu. Thupi limatha kumupirira kwa kanthawi kenaka n'kuyamba kutuluka zidzolo, ndipo zikayamba zimabweranso nthawi iliyonse mukamuyandikira. Valani magolovesi. Akakudontherani sambani ndi sopo, osati thina, amene amangomulowetsa m'khungu. Pokwecha ndi sandipepa phimbani mphuno ndi pakamwa.

Apa pali funso la ndalama lomwe mabuku a kunja salilabadira. Epoxy ndi fiberglass n'zoitanitsa, ndipo zikhoza kudya ndalama zoposa za plywood yemwe. Ena amathawira ku polyester poti ndi wotchipa komanso amapezeka. Timaboti toyamba ta Mirror tinamatidwa ndi ameneyu, ndiye sitinganene kuti n'zosatheka, koma sagwira thabwa mwamphamvu, ndipo pakapita zaka tepi imasendeka madzi n'kubisala kunsi kwake. Kwa kalipentala wa kwathu, ine ndimaona kuti njira ya Payson ndi yanzeru kuposa: kamtengo kamakona kagone motsata msoko, mbali ndi pansi zikhomeredwe pa iko ndi guluu wosalowa madzi ndi misomali yosachita dzimbiri, epoxy wochepa amene mwapezayo asungidwire m'mphepete ndi misoko yakunja.

Kumene madzi amalowera

Nkhope ya plywood imalimbana ndi madzi ndithu. M'mphepete modulidwa ndi momwe muli vuto, chifukwa theka la timatabwa taloza mitsempha yake kunja, ndipo imayamwa madzi n'kuwapititsa m'kati masentimita ambiri. Mmenemo sauma. Thabwa likakhala lonyowa kupitirira magawo 20 pa 100 alionse, nkhungu yooletsa imayamba ntchito, ndipo pofika poti penti atukumuke, chala chimalowa. Anthu ambiri amadabwa kumva kuti madzi opanda mchere amaoletsa thabwa msanga kuposa a m'nyanja zamchere, popeza mchere umafooketsa nkhunguyo. Nyanja ya Malawi, Malombe ndi Shire ndi madzi opanda mchere, ofunda chaka chonse. Tilibe nyongolotsi zoboola maboti zomwe zimasautsa ku Beira ndi ku Nacala, koma kuola tili nako kokwanira, ndipo boti likagonekedwa padothi chiswe sichichedwa.

Choncho m'mphepete monse, ngakhale mobisika pansi pa mpando, mupakidwe epoxy katatu. Bowo lililonse la sikuluwu lidonthezedwe guluu sikuluwu isanalowe. Kupaka koyamba pathabwa losapakidwa kuchitike madzulo kukuzizira. Mukapaka m'mawa dzuwa likukwera, mpweya wa m'thabwa umafufuma n'kuboola timabowo mu epoxy. Akauma, mutsukeni ndi madzi kuchotsa kautoto koterera komwe nthawi zina kamatsala pamwamba, mukweche, kenaka mupake penti. Pentiyo si wokongoletsa chabe, chifukwa epoxy amaonongeka ndi dzuwa. Sankhani wowala, woyera kapena wotuwa, poti wakuda amatenthetsa thabwa. Kunsi khomani timitengo tiwiri kapena titatu ta mtengo wolimba motsata utali wa boti, kuti mchenga ndi miyala ya pagombe zizidya timeneto. Ndipo kaboti kakatuluka m'madzi kazikhala chovundikira, pamwamba pa zipika, pamthunzi. Kaboti kosiyidwa chagada kakusunga madzi a mvula sikatha nyengo zambiri.

Malire ake

Plywood payekha amayandama, koma kaboti kodzaza madzi sikangasunge anthu pamwamba, ndipo madzi oyendayenda m'kati amakagubuduza mosavuta. Tsekani malo a pansi pa mpando wakutsogolo ndi wakumbuyo kuti akhale mabokosi a mpweya, kapena mangiriranimo zigubu zopanda kanthu zotsekedwa bwino. Chigubu cha malita 20 chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi. Zimangidwe zolimba, chifukwa chigubu chosamanga chimangoyandama n'kupita, boti n'kutsala.

Pansi pafulati m'pabwino pa damu, m'madambo, pamtsinje wodekha ndi m'magombe obisika: kaboti kamayenda m'madzi ofika m'mawondo, sikagwedera munthu akamakwera, ndipo kamapalasika mosavuta ndi nkhafi. Pamafunde kamamenya pansi mwamphamvu, ndipo mphepo imakakankha chifukwa n'kopepuka. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo mwera, umene umawomba kuchokera kumwera m'miyezi yozizira, umakhala ndi mtunda wonsewo woutsira mafunde. Pa 30 July 1946 sitima yachitsulo ya Vipya inagubuduzika pamphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafa. Kaboti ka mamita 3.5 sikoyenera kupita kutali ndi gombe, ngakhalenso kumalo a mvuu.

Wofuna boti la usodzi weniweni, lopita pakati ndi injini ndi makoka, ayang'ane kwina. Bungwe la FAO linasindikiza mapulani a Øyvind Gulbrandsen a maboti a pansi posongoka, a matabwa kapena plywood, kuyambira mamita 5.2 mpaka 8.5, ndipo ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kwakhala kukukhomedwa maboti a matabwa a asodzi kwa zaka zambiri. Kaboti ka m'mutu uno ndi ka munthu wa mbedza, woyendera khola la nsomba, woolokera kumunda wa kutsidya, kapena sukulu yofuna kuphunzitsa ana kuyeza ndi kupala. Ngati mukufuna kunyamula anthu olipira kapena kuika injini, yambani mwafunsa ku Dipatimenti ya Marine za kalembera ndi chilolezo.

Tsiku lokalowetsa m'madzi, sankhani m'mawa kuli bata, pamalo ofika m'chiuno. Kasiyeni kayandame kopanda munthu, muyang'ane misoko yonse. Kenaka kwerani mmodzi, mutavala jekete yoyandamitsa. Pomaliza kadzazeni madzi dala mpaka m'milomo, muone ngati zigubu zija zikukasunga pamwamba inu mutagwirira m'mbali, ndiponso ngati mungathe kukapa madziwo ndi chitini. Kakalephera mayeso amenewa, onjezerani zigubu musanakwezemo mwana wa munthu.